Kanema amene ndinkamuzimitsa asanathe

Iwe Yankho, tawerenganso mokweza zimene wapeza pafoni yakopo. Makanema oti munthu aonere akakhumudwa? Ndiye kuti alipo munthu amene anakhala pansi n'kuwandandalika ngati mankhwala a kuchipatala, wina wa m'mawa, wina wa madzulo. Chabwino. Koma iweyo wakhumudwa ndi chiyani, mwana woti wadya mbatata zitatu m'mawa uno, yachinayi n'kulanda ya mlongo wako? Timu yako yagonja, basi nkhope yatupa ngati walumidwa ndi mavu.

Khalani pansi nonse, chiperoni ichi sichikata lero. Agogo anu aakazi apita kukaona nandolo wawo kumunda, sabwera msanga, ndipo nkhani iyi sindingainene iwo ali pano. Tiyamike, iwe ukuidziwa theka. Theka linalo sunalimvepo. Ikayamba kukupweteka undiuze, ndileka.

Inu ana mukaona dengu lija ndinalipachika kuseri mumaganiza kuti moyo wanga wonse ndinali wothyola tiyi. Kuthyola ndathyoladi, onani zala izi mmene zinaumira, mungasongolere pensulo. Koma ndisanalowe ku esiteti ndinali ndi ntchito ina imene bambo anu sakonda kuinena ku Blantyre. Ndinali wotanthauzira kanema pa Chonde. Ndinkalipidwa chifukwa cha pakamwa.

Ife kwathu n'kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milanje. Nkhondo ndiyo inatibweretsa kuno. Za nkhondoyo sindinena zambiri, si nkhani ya lero. Mungodziwa kuti tinawoloka mtsinje tili ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo ambiri tinawoloka osakwanira: wina wasiya mayi, wina mwamuna, wina mwana. Ena anakhala kumsasa wa othawa nkhondo kumalire, kumadya ufa wachikasu wolandira. Ife amene tinali ndi abale kuno tinamwazikana m'midzi, kumagona m'makhitchini mwa anthu, kumalima maganyu. Masana tinkakhala bwino, timalonjerana, timaseka. Koma munthu akangogwetsa chidebe, mudzi wonse unkadzidzimuka.

Pa Chonde panali bambo wina, a Mapanje, amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni. Iwowa anabwerako ndi zinthu zitatu zimene sitinazionepo: sikirini yonenepa kumbuyo ngati nkhokwe, deki yolowetsamo tepi, ndi jenereta yolira ngati ili ndi chifuwa. Anamanga chisakasa cha nsungwi, n'kutseka mipata ndi masaka kuti mukhale mdima, chifukwa kanema ankaonetsa masana, anthu akaweruka kumgwazo wothyola tiyi. Amayi sakanayenda usiku masiku amenewo, mantha anali asanatichoke. Wopanda tambala ankalowa ndi dzira, kapena kambale ka nyemba za kalongonda. Inu kalongonda mumamukana, mukuti amanunkha. Ife anatilera, ndipo anationetsa kanema.

Vuto linali limodzi. Makanemawo anali a Chimwenye ndi a Chitchaina, ndipo m'chisakasa monse munalibe womva ngakhale liwu limodzi. Anthu ankangoyang'ana pakamwa pa amwenye ndi matchaina pakuyenda. Ine ndinali wachibwana, ndinkakhala kumbuyo n'kumawaikira mawu. Mmwenye akakalipa, ine: «Ndani wadya ndiwo zanga za dzulo?» Anthu kuseka mpaka kugwa pabenchi. Tsiku lachitatu a Mapanje anandikoka khutu. Ndinkayesa andithamangitsa, koma anandiimika kutsogolo pambali pa sikirini.

«Iwe Lomwe, pakamwa pakopo ndi pamene pazidzaza nyumba ino. Uziima apa.»

Ndinaima pamenepo zaka zisanu. Chimwenye sindinachidziwe mpaka lero. Ndinkangoona nkhope, n'kupeka. Anthu a m'kanema ndinkawapatsa mayina akwathu, wina Jemusi, wina Nasibeko, wakuba aliyense anali kapitawo. Anyamata a masiku ano amene amalankhula m'makanema mwanumo amayesa anayamba ndi iwo. Iwo amajambuliratu, akalakwitsa amafufuta. Ine ndikalakwitsa, chitsononkho chinkandipeza pamphumi pomwepo.

Tinaphunzira msanga kuti anthu athu sangaonere chilichonse. Tsiku lina tinaika kanema wa asilikali. Ndege ija ya mapiko ozungulira pamutu itangotulukira pasikirini, mayi wina anakomoka, anthu anathyola nsungwi kuthawa, mwana wina anapondedwa mkono. Panalibe woseka. Kuyambira pamenepo ine ndi a Mapanje tinkayamba taonera tepi iliyonse m'mawa tili awiri. Ya mfuti tinkaibweza. Ya nyimbo ndi magule tinkaisunga. Ndipo ikakhala yabwino koma yothera m'maliro, tinkagwirizana malo oidulira. Pofika pamene anthu akukumbatirana, ine ndinkadina batani, tepi n'kutuluka, ndiye ndinkakuwa kuti: «Ndi pomwepo anthuni, watha! Tulukani bwino, musaponde ana!» Anthu ankatuluka akumwetulira. Ine ndinkadziona ngati dokotala.

Panali tepi ina imene inkadzaza chisakasa kuposa zonse. Dzina lake sindinalidziwe, chikuto chinali chitang'ambika. Nkhani yake inali ya mayi wina wosauka amene anataya mwana wake wamwamuna pasiteshoni ya sitima, m'chipwirikiti cha anthu. Anamufunafuna, anakalamba akumufuna. Mwana uja analeredwa ndi anthu ena, anakula n'kukhala woyendetsa lole. Tsiku lina lole inafera pafupi ndi nyumba ya mayi uja, mnyamata anapempha madzi, povula nsapato kuti asambe mayi anaona chipsera cha kuphazi. Pamenepo nyimbo inkayamba, mudzi wonse kuvina, maluwa kugwa ngati mvula. Ine batani, dii. Watha.

Koma anali asanathe. Kunkatsala gawo lina, ndipo m'Chonde monse tinkalidziwa ndife awiri, ine ndi a Mapanje.

Tepi imeneyi ikamaonetsedwa, pankabwera mtsikana wina wovala chitenje cha kwathu, kapulana yofiira yotuwa, n'kukhala pafupi ndi khomo. Nthabwala zanga zonse iye sankaseka, ndipo zinkandinyansa, chifukwa ndinkazikonza usiku wonse. Koma sankajomba. Tsiku lina anthu atatuluka, iye anatsala. Anandilankhula m'Chilomwe, maso ali pansi.

«Achimwene, inu mumamva zimene amanena aja. Mwana uja anatha zaka zingati asanapezeke?»

Ine kudziwa sindinkadziwa. Ndinangoti, «Makumi awiri.»

«Wanga wangotha zitatu,» anatero.

Amenewo ndiwo agogo anu aakazi, a Rozaliya. Inde Yankho, tseka pakamwa, ntchentche zilowa. Agogo anu anali ndi mwana asanakumane ndi ine. Dzina lake anali Antonyo, wa zaka zinayi. Bambo ake anali ataphedwa kale kutsidya. Tsiku lowoloka mtsinje anamugwira dzanja, mfuti zinalira kumbuyo, anthu anakankhana, kadzanja kaja kanapulumuka. Atafika tsidya lino anatembenuka, panalibe. Anamufuna kumsasa, anamufuna m'midzi, sanapeze mwana, sanapezenso mtembo. Antonyo anali ndi chipsera cha phala pamkono wamanzere. Ndiye mukuona chimene ankadzera m'chisakasa muja.

Ine ndinali ndi mpata wonena zoona tsiku limenelo. Ndikanati, chemwali, kanema uyu ndimamudula. Koma anali wokongola, ndipo ankandiyang'ana ngati ndine wodziwa zinthu. Ndinati, «Adzapezeka. Simukuona wa m'kanema uja?» Chaka chisanathe tinakwatirana.

Zaka zinayenda. A Mapanje anamwalira, jenereta inagulitsidwa, ine ndinasenza dengu ku esiteti. Anabadwa Felesiya, mayi ake a Tiyamike, kenako bambo anu inu awiri. Nkhondo itatha anzathu ambiri anabwerera, ife tinakhala. Agogo anu ankati Antonyo akadzatifuna adzayambira kumene tinawolokera. Anali mayi wolimba, wolima, wokalipa, mukuwadziwa. Koma tikapita kumsika wa kumalire, ine ndinkaona maso awo. Mnyamata aliyense wa msinkhu wa Antonyo ankamuyang'ana pamkono wamanzere. Ankagula zinthu zosafunika, machesi, sopo, kuti wogulitsayo atambasule mkono. Anyamatawo ankakula, iwonso ankasintha msinkhu woyang'ana. Ine ndinkanyadira mumtima, ndinkati chiyembekezo chimenechi ndinawapatsa ndine. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga unandidikira zaka zoposa makumi atatu.

Tsopano ndifike pa chaka chija cha mvula yosakata. Inu awiri munali ku Blantyre, munangomva pawailesi. Felesiya anali atakwatiwa, akukhala ndi mwamuna wake m'tsinde mwa phiri, kumene anali ndi munda wa nanazi. Tiyamike ankakhala kuno chifukwa sukulu ili pafupi. Mvula inagwa masiku osawerengeka, osapumira. M'mawa wina tinamva kugunda ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Anthu amati Napolo anadutsa. Ine sindinaone njoka. Ndinaona matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba ino, pamalo pamene panali mudzi wa mwana wanga.

Tinakumba ndi makasu. Masabata awiri tinakumba, nsanza titamanga kumphuno. Tinapeza anthu ambiri, ena tinawazindikira ndi zovala zokha. Mkamwini wathu, bambo ake a Tiyamike, tinamupeza tsiku lachinayi, tinamuika. Felesiya sitinamupeze. Ngakhale nsapato yake. Chimene chinatsala ndi kapulana yake yobiriwira imene anaiiwala kuno Lamulungu lomaliza, ili pachingwe.

Tiyamike, ndipitirize? Chabwino.

Mwezi utatha anabwera alamu anga, a Jowawo, mchimwene wawo wa agogo anu. Iwo ndiwo eni mbumba, maliro a Felesiya anali m'manja mwawo. Anakhala pakhonde pompano, chipewa chili pabondo, n'kunena zimene mabanja ena anali atachita kale. Mwambo wathu umati munthu akapanda kupezeka, sitimusiya akuyendayenda. Timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu yake, timaliika m'manda ngati iye. Kenako anamfedwa amameta, maliro amatha, amoyo amabwerera kumunda.

Agogo anu anawayang'ana alongo awo ngati sakuwadziwa.

«Mwana wanga si nthochi, achimwene. Ine ndinabala munthu.»

«Chemwali, madzi aja munawaona.»

«Ena madzi anawatengera kutsidya n'kupezeka amoyo. Anthu akunena.»

Anthu ankanenadi. Nthawi ya tsoka mphekesera zimachuluka. A Jowawo anatembenukira kwa ine kuti ndiwathandize. Ndipo ine, chitsiru chokalamba, ndinatsegula pakamwa paja n'kunena kuti, «Tiyeni tidikire pang'ono, alamu. Mwina adzapezeka.» Mawu omwe aja. Anatuluka okha, ngati mbuzi yozolowera njira.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anu ankadzuka m'mawa, kutenga kapulana ya Felesiya, kukakhala pamwala uja wa m'mbali mwa msewu. Minibasi iliyonse yochokera ku Boma ikaima, iwo ankaimirira. Ikachoka ankakhalanso. Sanalire ngakhale kamodzi, ankati ndilire ndani, kodi wafa ndani? Chakudya anasiya. Poyamba ankanyema pang'ono, kenako ankangomwa madzi. Tinapita nawo kuchipatala, anawaika diripi, anatiuza kuti m'thupi sakupezamo matenda. Titabwerera, m'mawa mwake anali pamwala paja. Mwezi wachitatu ankapita atatsamira Tiyamike, miyendo itaonda ngati nsungwi. Tiyamike naye sukulu anasiya. Anthu akamufunsa sankadziwa choyankha, kaya ndi wamasiye kaya ayi. Nyumba ino inali ya maliro osayamba, osathanso.

A Jowawo anandipeza kumunda n'kundiuza mosabisa: «Alamu, mukapitiriza chonchi, mvula ikubwerayi tiika nthochi ndi munthu weniweni tsiku limodzi.»

Ndinachita mantha. Mkazi wanga ankafa ndikuona. Ndiye ndinathamangira ku mankhwala okhawo amene ndinkawadziwa. Bambo anu anali atatumizira Tiyamike foni, ndipo tinapita pa Chonde kwa anyamata aja amaika makanema m'mafoni. Ndinati, tiikireni zoseketsa zonse. Anatiikira, za anthu ogwa m'matope, za akamwini opusa, za maukwati. Zofanana ndi za pamndandanda wakowo, Yankho. Tinkawaikira agogo anu pamiyendo. Ankayang'ana foni ngati akuyang'ana khoma, kenako maso kumsewu.

Pamenepo ndinakumbukira tepi ija. Ndinati, imene inawaimika pa utsikana idzawaimikanso lero. Tinabwereranso kwa anyamata aja. Anandifunsa dzina la kanema, ine ndilibe. Ndinaima pakati pa shopu n'kuwafotokozera nkhani yonse, siteshoni, lole, chipsera, mpaka ndinaimba nyimbo yake ndi mawu anga opeka. Anaseka mpaka wina anagwetsa foni ya kasitomala. Koma anali ana abwino. Patatha sabata anatiitana, anali atamupeza.

Cholinga changa chinali chakale chomwe: pofika povina, ndizimitse. Tiyamike sindinamuuze. Ndikanayamba bwanji kumuuza mdzukulu kuti agogo ako ndinawakwatira ndi kanema wodula?

Linali Lachitatu masana. Ndinatseka zenera ndi saka ngati kwa a Mapanje, foni tinaitsamiritsa ku ketulo patebulo. Agogo anu tinawanyengerera kuti lero lokha asapite kumsewu, tinawakhazika pamphasa atatsamira khoma. Nyimbo yoyamba itangolira, anadzutsa mutu. Ine ndinaima pambali pa ketulo, munthu wa imvi, kutanthauzira kasikirini kochepa ngati chikhatho. Mawu anabwerera okha. Nasibeko wataya mwana pasiteshoni. Nasibeko akufunsa wapolisi. Ndinaikamo ndi nthabwala zakale zomwe, Tiyamike anaseka koyamba chichitikire ngozi. Agogo anu sanaseke, koma maso sanachotse. Mtima wanga unati, zikutheka.

Lole inafa. Mnyamata anavula nsapato. Chipsera. Nyimbo, magule, maluwa. Ine ndinakuwa kuti, «Ndi pomwepo anthuni, watha!» n'kutambasula dzanja kuti ndizimitse.

Ana inu, deki ya a Mapanje inali ndi batani lenileni, lalikulu ngati njere ya kalongonda, ukadina limayankha. Foni ndi galasi lokhalokha. Ndinadina, palibe. Ndinadinanso, ndinakhwekhwereza, palibe. Zala za tiyi izi foni sizimva, chikopa chinauma kalekale. Kanema ankangopitirira. Tiyamike, mosadziwa kanthu, anati, «Agogo, sanathe, taonani kamzereka, kwatsala.» Ndinafuna kuilanda foniyo ndiivundikire pansi. Pamenepo dzanja linandigwira pamkono. Linali lopepuka, mafupa okhaokha, koma linandigwira zolimba.

«Musiyeni,» anatero agogo anu.

«Amake Felesiya, kwatsalaku ndi mayina chabe a anthu opanga.»

«Musiyeni, ndati. Ndipo mutanthauzire. Ntchito yanu ndi imeneyo.»

Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira. Gawo limenelo ndinaliona kamodzi kokha, ndili mnyamata, ndipo ndinali ndisanalitanthauzirepo munthu. Nthabwala ndinalibe. Ndinangonena zimene maso ankaona.

Ndinati, mnyamata uja wakhala ndi mayi ake nyengo imodzi, wawafolerera nyumba. Tsopano akubwerera kuntchito, akuwatsanzika. Ndinati, mvula yayamba. Lole ili pamlatho, madzi adzaza, mlatho wathyoka. Ndinati, anthu akufuna m'mphepete mwa mtsinje ndi nsungwi zazitali, tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Apeza malaya okha. Pamenepo dzanja lija linandifinya, ndiye ndinapitiriza. Ndinati, awabweretsera mayi malaya aja. Mayi akukana kuwalandira. Akhala pakhomo, akuyang'ana kumsewu. Tsopano awalandira. Akuwapinda, akuikapo maluwa, akupita nawo kumtsinje ndi anthu a m'mudzi, akuwaika pamadzi. Akulira. Ndinati, kwacha. Mayi atenga tsache, akusesa pabwalo. Atenga mtsuko, akupita kumadzi. Basi.

Panalibe gule. Mayina a opanga anayamba kukwera, foni inada yokha. Ine ndinagwada, sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji. Ndinati, «Amake Felesiya, ndinakunamizani. Kuyambira kwa a Mapanje.»

Agogo anu anandiyankha.

«Mumayesa sindinkadziwa? Ine ndinkakhala pakhomo, pamene munkaika matepi. Tepi ikatha, ulusi wonse umasamukira mbali imodzi, umaoneka pakagalasi paja. Iyi inkatuluka ili nawo mbali zonse ziwiri.»

«Nanga bwanji simunanene?»

«Ndinkalifuna bodza lanulo. Nthawi imeneyo ndi limene linkandidzutsa m'mawa. Ndinkati, munthu wodula kanema kuti ife tisalire, ameneyu sadzandimenya.» Anapuma, mpweya unali wochepa. «Koma landitopetsa, bambo ake Felesiya. Ndayang'ana mikono ya ana a eni zaka zonsezi. Sindingayambenso kuyang'ana nkhope za m'minibasi mpaka kufa. Mphamvu zimenezo ndilibe.»

Kenako anatenga kapulana yobiriwira ija, anaiika kumaso, n'kulira. Ana inu, maliro ndawamva ambiri, a nkhondo, a matenda aja anatha anzathu, a matope. Kulira koteroko sindinakumvepo. Kunachokera pansi penipeni. Anaitana Felesiya ndi mayina ake onse, ndi la paubwana lomwe. Tiyamike anawagwera pamiyendo, nayenso anayamba, mwana amene anakhala miyezi itatu osaloledwa kulira mayi ake. Anthu oyandikana nafe anathamanga, ankayesa agogo anu atsirizika. Atapeza zimene zinalipo, amayi anangokhala pansi n'kuyamba nawo. Maliro n'kulirana. Aja anali atachedwa miyezi itatu, koma anafika.

Dzuwa litapendeka, mayi wina anabweretsa phala. Agogo anu anamwa masipuni asanu, ndinawerenga. Ine ndinali pakona, manyazi atandigwira, osadziwa ngati ndine wolakwa kapena wothandiza. Mpaka lero sindidziwa bwino. Ndimaganiza za zaka zonse zija anayenda m'misika akugula machesi, ndimati mwina ndikananena zoona tsiku lija m'chisakasa, akanalira nthawi yomweyo n'kupumula. Mwinanso akanafa. Funso limeneli ndidzapita nalo kumanda.

Ndiye Yankho, ukandifunsa kanema woti uonere ukakhumudwa, kwa iwe wa timu yogonja aliyense wa pamndandandapo akukwana, onera useke, kuseka si tchimo. Ine ndinadyetsa anthu kuseka zaka zisanu, ndipo ena kunawathandizadi. Koma kanema amene anadzutsa agogo anu pamphasa palibe angamulembe pamenepo. Ndi womvetsa chisoni kuposa onse amene ndinawaona.

Atatha phala lija anandiitana. Mawu anali atasasa.

«Mawa mukauze achimwene abwere. Ndipo munole chikwanje.»

Ndinati, «Ndamva. Ndidula ija ya kuseri kwa bafa, ndi yaitali bwino ngati iyeyo.»

Anavomera ndi mutu. Ndinatembenuka kuti ndizipita, anandigwiranso malaya.

«Mudule ziwiri. Inayo ikhale yaing'ono.»

Tinaika Loweruka. Yaikulu tinaikulunga m'kapulana yobiriwira, anainyamula a Jowawo ndi amuna a m'mudzi. Ya Antonyo panalibe chovala chake choikulungira, chilichonse chinatsala kutsidya. Agogo anu anatsegula sutikesi n'kutulutsa kapulana yofiira yotuwa ija ankavala kwa a Mapanje, anati ndi imene ankamuberekera. Imeneyo sindinalole munthu wina. Ndinainyamula ndekha m'manja, kuchokera pano mpaka kumanda, mwana wa zaka zinayi amene sindinamuonepo, amene ndinamuletsa kuikidwa ndi pakamwa panga. Lamulungu tinameta tonse. Lolemba agogo anu anatenga tsache.

Awo agogo anu akubwera apo, ndi dengu pamutu, mvula yonseyi. Pukutani m'maso msanga, angandikalipire kuti ndaliza ana. Yankho, ika foniyo pansi, thamanga ukawalandire.